Sindinaponye Batani

Lolemba

Lufeyo Chisusu. Ndayamba ndi dzina lake kuti amene adzatole kope ili ine nditapita adziwe munthu amene anandiwonongera mbiri.

Tili anyamata, ine ndikudula nzimbe ku esiteti, kunali ukwati wa mwana wa kapitawo wathu ku Kanyenda. Wolengeza pa perekani-perekani anali Lufeyo. Ndinavina bwinobwino mpaka kutsogolo n'kuponya ndalama yanga yachitsulo m'lichero. Iye anawerama, n'kutola kanthu, n'kukakweza m'mwamba. "Anthuni, uyu waponya batani!" Anthu anaseka mpaka mkwatibwi anagwetsa maluwa. Kuyambira pamenepo ndine a Batani. Mkazi wanga Naphiri ndi mayi Batani. Siteji ya minibasi ya pafupi ndi nyumba yanga kuno ku Ngala ndi pa Batani. Dzina limene anandipatsa bambo anga latsala pa chitupa chokha.

Inali ndalama.

Loweruka likubwerali mdzukulu wa Lufeyo akukwatiwa. Chochita changa:
kusonkhanitsa makobidi odzaza beseni,
kuvala jekete lomwe lija,
kuvina mpaka kutsogolo,
kukhuthula onse pamaso pake.

Naphiri akuti bwanji osangoponya ya pepala imodzi yaikulu. Sakumvetsa. Pepala sililira. Ananditukwana pa chitsulo, ndimuyankha ndi chitsulo.

M'chitini changa cha pansi pa bedi muli ochepa, osaphimba ndi pansi pomwe. Ndapita ku okala ya Che Amidu kukagula machesi ndi ndalama ya pepala kuti andibwezere makobidi. Andipatsa maswiti. Ine wopanda mano! Akuti, "Makobidi ankabwera ndi ana a sukulu, a Batani. Sukulu anatseka ndi koronayu. Ndiwaumbe ndekha?"

Lachiwiri

Ndalawirira ku gombe. Mabwato afika ndi usipa. Kale pamalo pano munthu ukagwa chagada umadzuka ndi khobidi litamata kumsana. Lero ogula a ku Lilongwe aima patali ngati awona ng'ona, pakamwa atamanga nsalu, akungodinadina mafoni. Msodzi akuyang'ana foni yake, akugwedeza mutu, usipa wapita. Palibe chimene chalira.

Ndafunsa Abiti Juma, amene amagulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango. Makobidi ali nawo. Akuti anamva kuti matendawa amakonda kukhala pa chitsulo, ndiye khobidi lililonse limene alandira amaliponya m'botolo n'kutseka, sabwezanso kwa munthu. "Ndikudikira kuti matendawo afere momwemo." Ndawapempha kuti tisinthane. Akuti ndibwere Lachisanu, akhala atafa.

Ine ndinalekezera Sitandade 4, koma ndikuona zimene a m'maofesi sakuona. Khobidi lili ngati mseche. Limayenda anthu akamakumana. Anthu akasiya kukumana limangokhala pamene linagona.

Koma mseche wa batani wokha sunamve za korona. Pobwerera msodzi wina wandikuwira ali patali, kutsatira malamulo a zaumoyo ndithu: "Mwaswera bwanji a Batani?"

Lachitatu

Kwa a Mwale, msungichuma wa kutchalitchi kwathu. Ngati pali munthu wodziwa kumene makobidi amagona, ndi ameneyu. Ndawapeza pakhonde. Mbale ya zopereka ili padzuwa, ayanikamo tsabola.

Akuti zinkayenda chonchi. Lamulungu ife okalamba tinkaponya makobidi m'mbale. Lolemba iwo ankapita nawo kwa Che Amidu kukasintha ndi mapepala. Che Amidu ankatibwezera ife tomwe ngati chenji, ife n'kukawaponyanso m'mbale. Zaka zonsezi makobidi omwewo akhala akuyenda pakati pa tchalitchi ndi okala ya Msilamu popanda mkangano. Tsopano anati okalamba tizipemphera kunyumba. Achinyamata amene akupitabe ndi aja amadutsa pambale ataweramitsa mutu ngati akupemphera kwambiri.

Andipatsa tsabola.

Pobwerera ndadutsa pa nyumba yatsopano ya mwana wa Lufeyo, kumene kudzakhale phwando. Kalipentala ali padenga. Ndaima kuti ndione ntchito. Akutenga khobidi, kuliboola pakati, kulowetsa msomali, kukhomera lata. Khobidi lina, msomali wina. Ndamufunsa ngati mutu wake ukuyenda. Akuti, "Madala, washa imodzi yoika pa msomali kusitolo ikudula kuposa khobidili. Komanso ili silichita dzimbiri msanga."

Dziko lonse likulira makobidi, kumeneko ali padenga la a Chisusu, akunyezimira.

Sindikunena kuti Lufeyo wamva za pulani yanga. Ndikungolemba zimene maso anga awona.

Lachinayi

Ku banki, ku boma. Minibasi yakweza mtengo chifukwa akuti tizikhala motalikirana. Takhala motalikirana mpaka titadutsa apolisi, kenako akweza mayi wa nkhuku ndi matumba a mpunga. Chenji changa kondakitala akuti ndidzatenge tsiku lina.

Pakhomo pa banki mlonda wandibweza, ndilibe chophimba pakamwa. Ndavala cha Naphiri chimene ndinapeza m'thumba, cha chitenje cha maluwa. Magalasi anga achita nthunzi. Ndaima pamzere padzuwa osaona kanthu, kumbuyo kwa munthu amene pambuyo pake ndazindikira kuti ndi chipilala.

Mtsikana wa pa windo ndi waulemu. Ndamuuza kuti ndikufuna makobidi odzaza beseni. Wandifunsa kuti beseni lalikulu bwanji. Kenako akuti alibe. "Agogo, ife timadikira kuti anthu abweretse. Masiku ano sakubweretsa." Ndati ife kumudzi tikudikira kuti a banki atulutse. Tayang'anizana. Iye watsegula kabati yake, wandisinthira timakobidi tochepa timene amasungira tiyi wake, wandipatsa mu envelopu.

Zomwe ndapeza lero:
envelopu yopepuka,
bondo lotupa,
nthenga za nkhuku pa thalauza.

Potsika kondakitala wakuwa dzina la siteji. Sindilemba.

Lachisanu

Ndapita kwa Abiti Juma, anditulutsira botolo. Silodzaza, koma likulemera. Akuti popeza awasunga nthawi yaitali ndipo aika moyo wawo pachiswe, ndiwonjezere kangachepe pamwamba. Ndagula ndalama ndi ndalama, ndipo ndaluza. Kusukulu sitinafike pa masamu amenewa.

Masana wailesi ikuti makobidi asowa m'dziko muno chifukwa anthu ena akuwaunjika m'zitini ndi m'mabotolo m'malo mowagwiritsa ntchito. Akuti anthu otere ndi odzikonda. Ndagwirizana nazo kwambiri. Ndauza Naphiri kuti anthu otere boma liziwamanga. Iye wayang'ana chitini changa, envelopu, botolo, kenako ine. Wapitiriza kusenda chinangwa.

Ndapita kukagona pang'ono chifukwa cha bondo. Podzuka ndapeza makobidi anga onse ali m'mbale ya madzi onunkha, aja othira mankhwala a m'ndowa zosambira m'manja. Naphiri akuti zinthu zochokera m'manja mwa anthu a ku gombe konse sizingagone m'nyumba mwake zosasamba. Awanyika kuyambira masana.

Atuluka akuda bii. Ndawakwecha ndi mchenga, ndi phulusa, ndi ndimu. Akuda basi.

Ndawathira m'beseni. Akwana ngodya imodzi, pamene beseni lilibe ngodya. Naphiri akuti, "Tengani kapu, bambo." Ayi. Ndinati beseni. Ndidzavundikira ndi nsalu.

Loweruka

Jekete likundikwanabe. Likununkha sutikesi, koma ndi lomwe lija.

Pa geti pali ndowa ya mpopi ndi sopo. Akuti olowa ndi owerengeka okha malinga ndi malamulo, otsalawo azionera kunja kwa mpanda. Kunja kwa mpanda kuli mudzi wonse. Wapageti waona beseni lovundikira pamutu panga, waganiza kuti ndi mphatso yaikulu, wanditsegulira.

Phwando lili pabwalo, pamchenga, patsogolo pa nyumba ya denga lija. Wogwira maikolofoni ndi Lufeyo. Wakalamba, chophimba pakamwa chili pachibwano, koma pakamwa pake mpomwe paja.

Nthawi ya perekani-perekani. Ndikufunafuna lichero. Palibe. Palibenso amayi aja osintha ndalama patebulo. Mtsikana wina wanyamula katoni yolembedwa nambala ya foni. Lufeyo akuti, "Chifukwa cha matendawa sitigwira ndalama ndi manja. Vinani, dinani, tumizani." Anthu akuvina mafoni ali m'mwamba, iye akuwerenga mayina pamene mauthenga akulowa.

Ndinalumbira. Ndavina mpaka kutsogolo, bondo likulira. Ndachotsa nsalu. Ndapendeketsa beseni pamapazi pake.

Mchenga sulira. Makobidi agwa ngati ndowe za mbuzi, akuda, chete. Zokuzira mawu zikungogunda. Mkwati waganiza kuti ndataya makala.

Ndawerama kuti nditole limodzi, ndilikweze ndekha, aone kuti ndi ndalama. Pamenepo ulusi wa jekete, umene wapirira zaka zonsezi, wagonja. Batani lapakati lathothoka n'kugwera pakati pa makobidi.

Lufeyo wawerama pang'onopang'ono, dzanja lina lili m'chiuno. Makobidi onse aja wawadutsa. Watola chinthu chimodzi. Batani lija. Wangolikweza m'mwamba n'kutembenuka nalo kuti akunja kwa mpanda nawonso aone.

Anthu aseka mpaka zophimba pakamwa zagwa. Mkwatibwi wagwira maluwa ndi manja awiri.

Ndikutuluka ndaona Che Amidu atagwada pamchenga, akutolera makobidi anga mu chisoti. Akuti kwa mkwati, "Awa ndatenga ine, ndikutumizirani pa foni."

Lamulungu

Sindinatuluke. Ndapemphera kunyumba monga anatiuzira.

Naphiri wapita kukagula mchere. Wabwera ndi chenji cha makobidi akuda. Akuti lero aliyense akulandira chenji kwa Che Amidu, maswiti abwerera m'botolo lawo. Akuti mwina a wailesi andithokoza.

Masana afika a Mwale ndi mbale yovundikira yochokera ku phwando. Mpunga, ntchafu ya nkhuku, ndipo pambali, mu kapepala, batani langa. Nkhukuyo ndadya. Sinandilakwire.

Naphiri akusoka batanilo pakhonde. Akuti, osandiyang'ana, tsiku lija la ku Kanyenda jeketeli linabweranso kunyumba likusowa batani limodzi, ndipo anasoka ndi iyeyo. Ndamuuza kuti mabatani amathothoka paliponse, panjira, pa njinga, povina. Sizikugwirizana ndi nkhaniyi.

Beseni labwerera ku ntchito yake yonyika chinangwa. Chitini chili mbee. Sindisonkhanitsanso, dziko lizigwiritsa ntchito. Sitejiyo ikhale choncho, minibasi zinazolowera. Sindikufuna chipepeso, sindikufuna nkhuku ina, ndipo pa maliro anga asadzavutike kulankhula zabwino, sindidzamva.

Ndikufuna chimodzi ndisanafe. Lufeyo Chisusu agwire maikolofoni ija, ine nditakhala kutsogolo makutu anga akugwirabe ntchito, atchule dzina limene anandipatsa bambo anga, kenako anene kuti, "Anthuni, inali ndalama."