Feteleza wa Pamwendo

Mwendo ndili nawo ndithu, koma ulemu ndinausiya pabedi la kuchipatala.

Ngolo ya fodya itandikhadzula pamsongolo kwathu ku Chamama, adokotala anadula khungu la pakatumba n'kuphimba pabalapo.

"Takuwokerani, agogo," anatero namwino. "Tidikire ligwire. Likafota, mubwereranso kumpeni."

Kuwokera ndimakudziwa. Ndiye atabweretsa kamakina ka mabatire, n'kumata mawaya ake m'mbali mwa chigambacho, nati magetsi athandiza magazi kuyenda, ndinamva msanga: ameneyu ndi feteleza.

Anapotokola kabatani mpaka pa nambala thu. Zinkangonyerenyetsa ngati nyerere. "Musakhudze," anatero, natuluka.

Ine manambala ndinawaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha (mpaka lero ndimawawerenga mokweza, ngakhale osandifunsa). Ndinaona kuti kamakinako kamafika pa teni. Thu yekha, fodya akundidikira m'chigafa?

"Abambo a Tamala, mwamva zimene anena," anatero a Naphiri, mayi akunyumba.

"Ndikungowerenga."

Ndinawerenga fili, chala chili pakabatani. Ndinawerenga faifi. Pa eyiti mwendo unayamba kuvina wokha, n'kukankha kapu ya phala. Pofuna kubweza, ndinapotokolera kolakwika. Apo ndinadziwa kuti ulendo wapsa, ndipo munthu sapita ndi chinsinsi kumanda.

"Naphiri, nazale ija inapsa kale ija, wolakwa sanali mlongo wako Yohane. Ndine ndinathira feteleza kawiri."

(Mlamu wangayo ndinamunyoza pagulu. Anasamukira ku Kapelula, osapondanso pakhomo panga.)

A Naphiri anazimitsa kamakinako, osafulumira n'komwe.

"Timadziwa tonse. Thumba lake munabisa pansi pa nkhokwe, ine n'kulipeza posesa. Yohane amangodikira pakamwa panu."

Namwino atabwera anayang'ana chigambacho nthawi yaitali.

"Khunguli lili moyo. Koma kuyambira lero, kamakina kazikhala mbali ya amayiwa."

Khungu linagwira. Ulendo woyamba wa mwendowo unali wa ku Kapelula. Yohane anamvetsera zonse, nayang'ana chigamba changa.

"Ndiye pamafunika magetsi kuti muyankhule, alamu?"

Tiyi atafika, ndinatambasula dzanja kuti nditenge shuga. Iye anakokera mbaleyo kwake.

"Ndikuthirirani ndine. Dzanja lanu timalidziwa."

Anathira masipuni awiri. Ndinamwako pang'ono, kenaka ndinapempha yachitatu.