Mutu Wanga Unalembedwa Ukondakitala

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zoti musakauze ophunzira anga. Ndinalota andiitana ku intavyu ya upulofesa, ija ndaidikira mpaka kumera imvi. Ndiye ndalowa m'chipinda cha komiti, ndapeza mkulu wa fakote yathu ya kuyunivesite, mayi Nachisale, ali pakati, pambali pawo a Rejisitala.

"A Kalimanjira," anatero mayiwo, "moyo wanu wonse mwakhala mukufufuza za maganizo a munthu. Tawaikani patebulopa tiwaone."

Ndinapisa m'thumba, ndinangopezamo choko. Chokocho chinati, "Ine musandilowetsemo bwana, ndimangolemba zomwe mwandiuza."

Mwadzidzidzi mayi aja anasanduka nkhanga, magalasi ali pamlomo. A Rejisitala anali atasanduka kale nanzikambe, diso lina pa ine, lina pa samusa za komiti. "Tikuyankhani mwachangu," anatero, mwendo uli m'malere osaponda.

Ndiye ndagwira pakhosi, mutu palibe. Ndauiwala m'minibasi. Ndinathamangira kudepoti, n'kuupeza pampando wakutsogolo, ukukukuta chimanga chootcha, ukutsutsana ndi dalaivala ngati msewu ulipodi kapena timangouganizira.

Pakamwa ndinalibe, ndiye ndinaukodola ndi manja.

"Inu pitani," unatero. "Kuno andilemba ukondakitala. Ndikayankhula anthu amamvera, osati ana anu ogona m'kalasi aja."

Ndinagwada m'matope mpaka unandimvera chisoni. Dalaivala anaubwezera pakhosi, koma nkhope itayang'ana kumbuyo, ndiye ndinabwerera kusukulu ndikuona kumene ndachokera kokhakokha.

Mwadzidzidzi chipinda chija chinali khola. Nkhanga inati, "Mwayi womaliza. Ganizirani chinthu chachikulu."

Ndinatsinzina, n'kuganizira njovu. Ndiye njovuyo inalowadi, itavala tayi, n'kupereka moni mwaulemu. Komiti inanong'onezana.

"Upulofesa tapereka kwa a Njovu," anatero nanzikambe. "Ntchito yawo ikuoneka."

"Koma ndawaganiza ndine."

"Nanunso alipo amene akukuganizani, koma simunawathokozepo," inayankha njovu.

Ndiye inakweza chitamba kuti iyankhule mawu olandirira udindo. Inatsokomola, n'kutsokomolanso, kenako phwaa.

Unali mpopi wa panja. Ndinamva akazi anga akugogoda pawindo: "Bambo a Tiyanjane, madzi abwera. Dzukani mudzagwire ndowa asanathawe."