Tsiku Limene Phazi Langa Linafuka Utsi ku Highfield

Anthu akaona chipsera chili pa kakolo wanga wakumanzere amaganiza kuti ndi za nkhondo. Ena amachita kutsitsa mawu pondifunsa. Ndimangowasiya, chifukwa zoona zake n'zopusa. Lero ndinena, koma wofuna kuseka akasekere kutali.

Tinkakhala ku Highfield, dera la m'tauni m'dziko la Ashona, nkhondo ya m'tchire ili mkati. Makolo anga anachokera ku Katete, ndipo malire a Zambia anali otseka, ndiye zonditumiza kumudzi panalibe. Sukulu ndinaisiyira mu Fomu Thu (musandifunse, aphunzitsi a masamu akudziwa). Nditakhala chaka chathunthu ndikungotha mipando, Bambo anatopa nane. Anati mwezi ukatha ndilibe ntchito ndipita kwa amalume ku famu ya fodya ku Mvurwi. Kumeneko masiku amenewo mfuti zinkalira ngati chimanga chokazinga.

Chinthu chimodzi ndinkachitha: mpira. Fakitale ina ya mabulangete inali ndi timu, ndipo wolowa m'timuyo ankapatsidwa ntchito, kaya yosesa. Ankafuna winga mmodzi. Kusankha kunali Loweruka.

Lachitatu pa pulakatisi ndinathamanga ngati ndaba nkhuku. Kutatsala pang'ono kuweruka ndinaponda m'kadzenje, phazi n'kupindika. Kochi wathu, Mshona wamimba yemwe aliyense wolankhula Chinyanja ankamutcha achimwene, anadina kakoloyo ndi chala.

"Sunathyoke, achimwene, wangobinya. Ukaikepo ayezi, phazi ulikweze m'mwamba. Zotentha ayi."

Ayezi ku Highfield. Mu laini yonse ya nyumba zathu munalibe firiji, ndipo iye ankadziwa. Ndinatsimphina mpaka kunyumba n'kuwafotokozera Mayi.

"Ayezi pa mwendo wa munthu wamoyo? Ndiwe nsomba iwe?" anatero Mayi akupopa kale pulaimasi. "Kwathu munthu akabinya timamuthowa. Bambo ako atagwa pa njinga ndinawathowa, si awo akuyendawo?"

Anawiritsa madzi, kuthiramo mchere, kuviika thaulo n'kulikanikiza pa kakolo.

"Mayi, ndikupsa."

"Ndiye kuti zikulowa. Khala phee."

Ndisaname, atamaliza ndinamva bwino. Koma kutacha kakolo ndinamusowa. Kuyambira pa katumba mpaka ku zala chinali chinthu chimodzi chonga lofu ya buledi, chonyezimira, chotentha, chogunda ngati chili ndi mtima wakewake. Mayi anachiyang'ana n'kunena kuti zoipa zikutuluka, tibwerezenso. Ndinakana, iwo n'kupita kukagulitsa matimati awo ku msika wa Machipisa akung'ung'udza.

M'kachipinda kakuseri munkakhala a Zuze, bambo wa ku Tete amene anathawa nkhondo yakwawo. Ankagulitsa ayisikirimu pa njinga ya mateyala atatu, yokhala ndi bokosi kutsogolo ndi kabelu. Masana ankabwera kudzadya. Atatsegula bokosi lija ndinaona pansi pake zibuma zoyera zikufuka.

"A Zuze, mundigawireko ayezi."

"Uwu si ayezi wamadzi, mphwanga. Uwu umaluma. Sukuona kuti ndimaugwira ndi chiguduli?"

Apa ndinawerengera motere: ngati ayezi wamba amapoletsa masiku atatu, woluma apoletsa masana amodzi (ndanena kale za ine ndi masamu). A Zuze atalowa m'nyumba ndinatapa chibuma chachikulu ndi mbale, kuchilowetsa mu sitonkeni ya mpira molunjika pakhungu, n'kumanga ndi chingwe cha nsapato. Ndinakhala pakhonde, phazi pamwamba pa ndowa monga ananenera kochi. Iwo anatuluka n'kupalasa osadziwa kanthu.

Poyamba chinabaya ngati mavu khumi. Ndinaluma mano. Kenako ululu unatheratu, ngakhale kugunda kuja kunasiya. Ndinati basi, ntchito ndaipeza.

Kungoti sitonkeni inkafuka. Utsi wake wachilendo, wosapita m'mwamba koma wotsikira pansi n'kumakwawa pakhonde. Mai Tendai, oyandikana nafe, ankayanika zovala. Anaima ndi malaya m'manja.

"Mwanangu, chii ichocho?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti n'chiyani chimenecho.

"Mankhwala, amayi."

Masiku amenewo wailesi inkangochenjeza za mitolo yokayikitsa. Mayiwo anasonkhanitsa ana awo mwakachetechete n'kutuluka nawo pageti, zovala kuzisiya m'beseni. Posakhalitsa anthu anadzaza tsidya lina la msewu. Wina akuti mwana wa a Phiri wamanga bomba kumwendo. Wina akuti ayi, ndi mankhwala a mpira, anthu a Chinyanja ndi mmene alili. Ine ndinangowakwezera dzanja ngati nduna.

Amene anathamangira ku Machipisa sindikumudziwa, koma Mayi anatulukira epuloni ili m'chiuno. Anadula chingwe ndi mpeni wa matimati. Sitonkeni inakanirira, anachita kuisenda. Khungu linali loyera, lolimba ngati kandulo. Analigogoda ndi chikhadabo, linalira.

"Ukumva?"

"Ayi. Lapola."

"Lapola chiyani, lauma ili. Chozizira mdani wake ndi moto."

Pulaimasi inaliranso. Tsono popeza phazi silinkamva kanthu, panalibe wonena kuti madzi atentha kwambiri. Linayamba kumva lili kale m'beseni, ndipo mawu amene ndinatulutsa sindingawalembe pano. Pofika madzulo panali thuza ngati dzira la bakha. A Zuze anabwera bokosi likudontha mkaka wapinki. Anayang'ana phazi, anandiyang'ana kumaso.

"Ndinati umaluma," anatero, n'kukalowa m'chipinda chawo.

Lachisanu ndinalephera kuponda pansi. Mayi anawachonderera a Zuze omwewo, ndipo anandikhazika pamwamba pa bokosi la ayisikirimu ulendo wa kukiliniki. Anaimba kabelu njira yonse. Amati ankachenjeza anthu apanjira, koma ine ndikudziwa kuti kunali kubwezera. Ana a laini zitatu anatitsatira.

Nesi anali mayi wamagalasi, wosaseka.

"Apa wapsa ndi chiyani?"

"Ayezi."

"Nanga apa?"

"Madzi otentha."

"Phazi lomweli?"

"Lomweli, asisitala."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati munthu akangovulala, magazi amathamangira pamalopo, ndiye kutupa ndi kutentha kumene ndinaona. Ukaikapo moto waitana magazi ena. Chozizira chimachepetsa ululu ndi kutupa, koma chokulunga m'nsalu, kwa kanthawi, n'kuchotsa. Kuthowa kumabwera pambuyo, pakapita masiku awiri atatu kutupa kutaphwa, kuti mitsempha ifewe.

"Mwamva?" Mayi anatembenukira kwa a Zuze. "Ine sindinalakwe. Ndinangofulumira."

"Nanga wopanda firiji atani?" ndinafunsa.

"Kwanu kulibe mpopi? Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira ikanakwana. Mwina mawa ukanavala nsapato."

Mpopi unali kuseri kwa nyumba, masitepe asanu kuchokera pamene ndinakhala ndikufuka.

Loweruka ndinapitabe, kumanja nsapato ya mpira, kumanzere patapata ndi bandeji. Kochi anaimika mpira n'kubwera.

"Achimwene, ndinati uikepo ayezi."

"Ndinaika."

"Wanji?"

"Wa ayisikirimu. Wofuka uja."

Anakhala pansi pa udzu. Sanaseke mokweza, mimba yokha ndiyo inkagwedezeka. Malo anga anatenga mnyamata wina wa ku Mufakose amene mwendo wake wakumanzere unali wongoyendera, osati womenyera mpira. Mwezi unatha. Bambo anandiperekeza pa basi ya ku Mvurwi n'kundigwiritsa katundu wanga.

Ndinakhala kufamuko zaka ziwiri, ndikusonkhezera moto m'mabani oumitsira fodya. Mayi amati ndinaphunzirapo kudekha. Mwina. Ine chimene ndimaona n'chakuti munthu amene amadzitcha kochi akamati ayezi, azitchula kuti ayezi wake uti.