Khoma la Holo ndi Tulo ta a Longwe

Lolemba

Andipatsa khoma! Zaka zinayi ndikupempha, lero a Pulinsipolo akuti khoma la holo ndi langa, bola chithunzi chithe lisanafike Loweruka, tsiku lobwera makolo ndi alendo. Mawu awo: "Katswiri ndinu, madamu. Jambulani chimene mtima wanu wakonda."

Chichokereni ku Dedza kudzaphunzitsa zojambula pa koleji ya aphunzitsi ino, ntchito yanga yaikulu yakhala kulemba maina pa zitseko za maofesi. Yatha imeneyo.

Zomwe ndili nazo:
- penti zitini zisanu, yobiriwira yauma theka
- maburashi atatu
- makwerero obwereka kwa akalipentala

Ndikujambula zimene ndimaona pa msewu wa ku Bandawe: mayi akuvuula chinangwa padambo, wa njinga ndi thumba la mpunga wa ku Limphasa, wocheka mitengo ya mphira ndi kampeni kake, ndipo pakona bambo ali mtulo m'bwato. Wondiuza zochita palibe.

Lachiwiri

Alipo.

Mayi Kamanga, mkulu wa dipatimenti yathu, aima kumbuyo kwanga, akuyang'ana khoma. Kenaka: "Ama, mapewa a mayiyu ali pamtunda." Ndikuwauza kuti wamanga chitenje pachifuwa monga amachitira aliyense amene ali m'madzi, iwonso amapita kudamboko, akudziwa. Akuti pano si padambo, ndipo Loweruka kubwera akulu a mpingo.

Ndamuveka bulauzi. Munthu ali m'madzi olekeza m'mawondo, m'manja chinangwa chonunkha, koma bulauzi yoyera yosita ngati akupita ku mgonero! Ndagonja pa chimodzi chokhachi kuti enawo atsale.

Lachitatu

Ophunzira aunjikana pakona ya khoma, akuseka mpaka kugwirana. Akuti wogona m'bwatoyo ndi a Longwe a masamu. Ndikuwabalalitsa, ndikuti ndi msodzi chabe, apite m'kalasi.

Pano ndinene zoona. Ndi a Longwe. Dazi ndi lawo, kukamwa yasa ndi kwawo, ngakhale cholembera m'thumba la shati ndachiika, msodzi wanji wa cholembera? Timakhala ofesi imodzi, ndipo tsiku lililonse akangodya nsima ya kondowole amagona pampando mpaka belu. Palibe munthu pa koleji pano amene ndikuidziwa nkhope yake ngati iyi. Ndipo yatuluka bwino! Sindinajambulepo nkhope yamoyo chonchi.

Masana alowa mu ofesi, atenga mabuku, atuluka. Osapereka moni. Munthu amene anandinyamula pa njinga yamoto kupita nane kuchipatala ku Chintheche nditadwala malungo, lero akundidutsa ngati kabati. Nanga wojambula azitenga kuti nkhope, kumwezi?

Lachinayi

Msonkhano wa aphunzitsi onse. Mutu woyamba: khoma. Maola awiri.

Madandaulo:
- wa zaulimi akuti masamba a chinangwacho ndi a mtundu umene sakulimbikitsanso
- wa Chingerezi akuti pa chithunzi chonse palibe amene akuwerenga buku
- wa zachipembedzo akufunsa ngati wa njingayo akugulitsa mpunga pa Sabata
- Mayi Kamanga akuti tsopano bulauzi yathina

Palibe ndi mmodzi yemwe anagwirapo burashi! Ndikuimirira, ndikukumbutsa a Pulinsipolo mawu awo a Lolemba. Akuti akuwakumbukira, koma ufulu umayenda ndi umunthu, ndife banja limodzi. Banja! Asankha komiti ya anthu asanu yoona za chithunzicho. Ine andiika mlembi. Ndizilemba ndekha mlandu wanga.

Kumapeto, a Longwe. Aimirira, sakundiyang'ana: "Ine sindidziwa za luso. Koma mwana wanga ali chaka choyamba pano, ndipo kuyambira dzulo anzake akungomulizira mkonono akamadutsa. Sanapite kokadya."

Za mwanayo sindinaganize. Zandikwiyitsa kuposa zonse, chifukwa apa akunena zoona.

Lachisanu

Ndikumudzutsa munthu wa m'bwato. Ndatseka kukamwa, ndatsegula maso, dazi ndaphimba ndi chipewa, cholembera ndafufuta, ndawonjezera ndevu pang'ono ndi buku m'manja kuti wa Chingerezi naye apume.

Ndatsika pa makwerero, ndabwerera m'mbuyo kuti ndione. Ndi a Pulinsipolo! Chipewa chomwecho, ndevu zomwezo. Sindinafune, Mulungu mboni. Ophunzira afika kale, akujambula ndi mafoni.

Ndikupita kwa a Longwe kukapepesa. Ndayamba bwino. Kenaka pakamwa panga panena kuti chinali chithunzi chaulemu, kuti kugona si tchimo, kuti zaka zikubwerazi akanadzanyadira. Iwo: "Mukanandipempha, madamu. Mwina ndikanakana." N'chifukwa chake sindinapemphe. Izi sindinanene, koma aziona pankhope panga. Atuluka.

Loweruka

Ndikufika m'mawa ndi burashi kuti ndimete ndevu zija. Khoma mbee! Laimu kawiri, akadali wonyowa. Komiti inakumana dzulo madzulo, mlembi osaitanidwa.

Mayi wanga wa chinangwa uja, wa njinga, wa mphira, onse pansi pa laimu. Pamwamba pawo aitana wolemba zikwangwani za magolosale ku Chintheche, walemba ndi penti yanga yofiira: TAKULANDIRANI. Pansi pake mfundo zinayi za koleji. Yachitatu ndi LUSO.

Alendo akhala, kwaya yaimba. A Pulinsipolo akundiimiritsa: "Awa ndiye katswiri wathu wa zojambula." Anthu akuyang'ana khoma, akuomba m'manja. Mkulu wina wa mpingo akundigwira chanza, akuti zilembo zanga n'zowongoka bwino. Ndikuti yewo, zikomo ya kuno. Ndati yewo! Mayi Kamanga akundinong'oneza kuti ndaonetsa kukhwima.

Lamulungu

Sindikupita kutchalitchi. Komiti yonse imakhala benchi yachiwiri.

Ndikutsuka maburashi pakhonde. A Longwe akudutsa pochokera ku mapemphero, Baibulo m'khwapa, mwana wawo pambuyo. Ndikuganiza kuti apitirira. Aima pa mpanda, mwanayo apita.

Moni wouma, ine moni wouma. Akuti mwana wayambanso kudya ndi anzake. Ndikuti ndamva, ndipo pepani, basi, osawonjezera kanthu. Akukanda dazi. Kenaka: "Koma mphuno ija munanama. Yanga si yaikulu choncho."

"Ndi yanu, ada."

Sanaseke. Akuti mawa asamutsira desiki yawo ku ofesi ya sayansi, kuli mphepo yabwino. Sindikuwaletsa.

Mawa m'mawa ndili ndi chaka choyamba, ndipo mwana wawo amakhala kutsogolo. Tijambula kapu.