Chiphaso cha makumba anga

Lolemba
Munthu wa ku Mozambique waimba foni. Akufuna makumba a m'damu langa, amoyo, akawete kwawo. Ine, mkamwini wa kuno ku Kadewere, kugulitsa nsomba kunja! Malata ayamba kununkhira. Chaka chino mvula isatipezenso m'denga lodontha lija.

Lachiwiri
Ku ofesi ya za nsomba, pa boma. Akuti nsomba yamoyo sidutsa malire popanda chiphaso cha dokotala. Nsomba, chiphaso! Mwini wakene pasipoti ndilibe. Akuopa matenda a zilonda, amene amayenda ndi nsomba za mumtsinje. Adzayeza Lachisanu. Andilembera malamulo:
- ukonde osabwereketsa
- nsomba yachilendo isalowe m'damu
- wolowa aliyense aponde m'beseni la mankhwala pachipata
Zophweka izi.

Lachitatu
Afika a Likoswe, malume a mkazi wanga, eni dimba limene ndinakumbapo damu. Beseni alidumpha, akuti nsapato n'zatsopano. "Akamwini, tatibwerekani kaukonde tikayese mwayi kumtsinje."
Mumtima ndakana katatu. Manja apereka, onse awiri. Mkamwini angakanize bwanji mwini nthaka? Ukabwera ndiuviika m'mankhwala, nkhani yatha.

Lachinayi
Ukonde wabwezedwa ine ndili ku Mbombwe kogula madeya. Ndauviika, ndauyanika padzuwa tsiku lonse. Mtima m'malo. Mkazi wanga akungomwetulira, akuti malume ake ndi munthu wodziwa kuthokoza. Sindinafunse. Chitsiru ine, sindinafunse!

Lachisanu
Dokotala wafika, mayi wa magambuti oyera. Tikukoka ukonde. Makumba onona okhaokha, mayi akulemba, ine chifuwa patsogolo.
Kenako mlamba. Mlamba! Chikumbireni damu sindinawetepo mlamba. Wachiwiri. Wachitatu, uli ndi chilonda chofiira pamsana.
"Iyi yachokera kuti, bambo?"
A Likoswe ali pamtunda, manja m'thumba, akuyankha monyadira: "Ndife amenewo! Ukonde wa eni subwerera wopanda kanthu. Tinaponyamo milamba seveni m'damumu dzulo, iswane!"
Mayi uja watseka buku lake pang'onopang'ono.

Loweruka
Damu latsekedwa. Nsomba isatuluke, madzi asatuluke, mpaka adzayeze bwinobwino. Chiphaso palibe. Wa ku Mozambique akuti, "Pepani, ndikagula kwina." Mayo ine!
Ndakhala m'mphepete mwa damu, kulira kukukanika. Mlamba wina watulutsa ndevu, wandiyang'ana, wamira.
Mkazi wanga akuti mawa ndikathokoze malume, mphatso sinyozedwa. Ndikathokoze!

Lamlungu
Ndapita. Ndanjuta, ndawomba m'manja, ndathokoza. Akuti ndikafuna milamba ina ndisachite manyazi, ndingonena.
Pobwerera, mitambo yada kuphiri. Beseni la mankhwala ndalichotsa pachipata, ndalitsuka bwinobwino. Ndaliika pabedi, pamene pamadontha paja.