Nambala 4 Ndinaipeza M'mano

Mpaka lero mlamu wanga amanditchula wakupha, ndipo ine ndikukana. Weruzani nokha.

Nthawiyo ndinkalemba nkhani za nyuzi ku Chipata. Mlamuyo ankagwira ntchito mu labu ya chipatala china, komwe ankaweta mahamusita asanu ndi limodzi: tinyama tonga mbewa, tamasaya otutumuka, tamchira wosaoneka n'komwe. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankatenga magazi a tinyamati, kufufuza momwe maselo oyera amapangira timafuta tina totupitsa thupi. Kalikonse kanali ndi kachitsulo ka nambala kukhutu.

Popita ku Lusaka anandisiyira khola lonse kunyumba kwanga. "Alamu, chimanga ndi madzi basi. Musachite zanzeru."

Lolemba Nambala 4 inandiluma chala. Lachiwiri chinatupa. Lachitatu anafika amalume kuchokera ku Chiparamba, katswiri wokumba mbewa.

"Chalacho bwanji?"

Ndinawayalira sayansi yonse (ndikadangoti ndapsa ndi ketulo). Ndinati maselo oyera akamva bala amatulutsa timafuta timene timatsegula mitsempha n'kuitana anzawo. Ndiye kufiira, kutentha, kutupa ndi ululu.

"Ndafunsa wakuluma ndani."

Ndinaloza khola. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu. Ine ndinkayesa chifundo.

Masana pobwera kuntchito ndinapeza ndiwo patebulo, zowiritsa ndi mchere, zowamba bwino.

"Idya, mphwanga. Akapuku onona chonchi kumudzi kulibe."

Ndinkayesa abwera nazo. Ndinadya woyamba. Ndinadya wachiwiri, n'kuyamikira mafuta (ine, munthu wolipidwa chifukwa chofunsa mafunso!). Wachitatu, china chake chinati khwe m'mano. Kulavula, kachitsulo: 4.

"Amalume! Izi ndi zachipatala!"

"Ndiye n'zaukhondo. Koma anakunamizani, michira anadula kale."

Mlamu atabwera Lachisanu anaima pakhola nthawi yaitali, buku lake la zotsatira lili m'khwapa.

"Miyezi isanu ndi itatu, alamu. Kunatsala kutenga magazi kamodzi kokha."

"Anapha ndi amalume."

"Anadya ndani?"

Apa ndiye pamandikwiyitsa. Atatu enawo anadya ndi amalume, koma iwo palibe anawafunsa kanthu. Anakwera basi atanyamula ndi chimanga cha mahamusita chomwe. Wolumidwa ndine, wotupa ndine, wolemba kalata yopepesa ya masamba awiri ndinenso.

M'kalatamo ndinalemba zoona zonse kupatula chimodzi: ankakoma. Makamaka Nambala 4.