Manda a Mayi Festuka

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba lotsatira ulendo wathu wa ku Zomba, m'manja mwa a Muhiwa, wapampando wa kalabu yathu ya alimi a mpunga, pakhonde pa nyumba yawo. Lina ndinawapatsira ku Kachulu tsiku la msika akugula matemba, ndipo ndinaona ndi maso angawa akukulunga matembawo m'pepala lomwelo. Lomaliza ndinaliwerenga ndekha pamsonkhano, anthu n'kumaseka ndisanafike ndi pakati pomwe. Makope a onsewa ali musutikesi kunsi kwa bedi, pamodzi ndi pulogalamu ya ulendo ndi tikiti yolowera pageti.

Yankho mpaka lero palibe. Ndiye ndati nkhaniyi muimve inu awerengi, muweruze nokha ngati munthu wa msinkhu wanga, amene sanaphonyepo ulendo wa kalabu chiyambire, ayenera kufufutidwa pa ulendo wa ku Mulanje chifukwa cholemekeza akufa.

Kalabu yathu ili ndi mwambo woti tikagulitsa mpunga timapita kokaona malo. Ulendo umenewu tinasankha phiri la Zomba, lomwe timaliona tsiku ndi tsiku tikaweramuka m'munda, koma ambiri a ife tinali tisanalikwerepo. Pulogalamu inalembedwa bwinobwino: kukwera phiri, kuona zigwa ndi mathithi, kuona nyumba zakale za atsamunda, kenako munda wa mbiri. (Mawu oti manda mulibemo, ndikuvomera. Koma mulibenso mawu oti manda kulibeko.)

M'mawa mwake ndinavala suti yanga yakuda. Mayi a kunyumba atandiona anagwira pakamwa.

"Bambo a Joyisi, mukupita kokayenda kapena kumaliro?"

Ndinawayankha kuti munthu wolemekezeka sapita mutauni atavala ngati akukavuula ukonde. Mawu awo aja ndinawakumbukira madzulo.

Ku Zomba tinalandiridwa ndi wotionetsa malo, a Kalinde, bambo wansangala wolankhula mothamanga ngati wolengeza maliro pawailesi. Pamwamba pa phiri kunkazizira mochita kuwawa m'mano. Anationetsa zigwa zakuya, mitengo ili mbuu kunsi kwa mapazi athu, ndi mathithi omwe madzi ake amangotayika popanda wothirira nawo ngakhale bedi limodzi la mpiru. Chakum'mawa nyanja yathu ya Chilwa inkaoneka ngati chidutswa cha lata chotayidwa paudzu, chilumba cha Chisi ngati chulu. Ndinayesa kuloza denga la nyumba yanga, a Muhiwa n'kunena kuti chomwe ndikulozacho ndi mtambo.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa. Kuchokera apo, a Kalinde sanakambenso za amoyo. Anatitengera padzenje lija lomwe amati kale ankaponyamo anthu, tinasuzumira, tsitsi n'kuima. Titatsika phiri anatiyendetsa m'nyumba zakale za njerwa zofiira. Nyumba iyi, mwini wake anafa ndi malungo. Iyo, mwini wake anagwa pahatchi. Inayo, mkazi wake anamwalira asanaonenso kwawo. Pofika masana mutu wanga unali utadzaza azungu akufa.

Ndi mutu umenewo ndinalowa m'munda wa mbiri.

Munda wake si munda monga timaudziwira ife. Mulibe chimanga, mulibe nandolo, mulibe ngakhale phata limodzi la chinangwa. Muli mitengo ikuluikulu, tinjira tosesedwa, ndi kamtsinje kodutsa pakati. Anaphiri, omwe amatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga muno amakolola chiyani, bambo?"

"Mthunzi, mayi," anatero a Kalinde, onse n'kuseka. "Koma ndikupempheni, musathyole duwa, musadule nthambi."

Duwa ndi nthambi. Ndinalemba mawu amenewa kuseri kwa pulogalamu nthawi yomweyo, monga ndimachitira ndi malamulo onse. Za udzu sananene kanthu.

Tili mkati moyenda, foni ya a Kalinde inalira. Anali dalaivala wa minibasi yathu, ati tayala laphwa ndipo sakudziwa kopopetsa. A Kalinde anatiuza kuti tikhale pamthunzi, abwera posachedwa. Anzanga anakhala pansi n'kuyamba kumasula mbatata zawo. Ine sindidya ndisanayendere malo, choncho ndinalowera kanjira kena kokhota kuseri kwa mtengo waukulu.

Kumeneko ndinapeza mtumbira. Kutalika kwake ngati munthu wamkulu atagona. Dothi lokwezedwa bwino, m'mbali mwake miyala yopaka laimu, kumutu kwake kachitsulo kokhala ndi chikwangwani. Malo ake achete, amthunzi. Pamwamba ponse panali udzu wofika m'mawondo, wowirira ngati pamunda wa munthu amene ali kundende.

Ndinavala magalasi n'kuwerama. Panalembedwa maina awiri: Festuca africana.

Ndinavula chipewa.

Ndikufunseni inu awerengi, makamaka inu akumudzi. Mtumbira, miyala ya laimu, chikwangwani kumutu, dzina ndi chiwongo. Kwanuko chimenechi mumachitcha chiyani?

Mtima unandiwawa. Kwathu kuno, ngakhale munthu amene anafa ali ndi mangawa mudzi wonse, chaka sichitha tisanakalambule pamanda ake. Tsono mayi uyu, Festuka, anachoka kwawo kutali, n'kukonda dziko lino mpaka kutenga dzina loti Afirikana, lero wagona m'tchire pakati pa tauni, anthu akudutsa ndi makamera. Ndinabwerera kwa anzanga n'kuwaitana ndi dzanja, mosakweza mawu.

Anabwera onse. A Muhiwa anawerenga chikwangwani chija, nawonso n'kuvula chipewa.

"Ameneyu ayenera kuti ndi mkazi uja amanena a Kalinde," anatero. "Uja anamwalira asanaonenso kwawo."

(Mawu amenewa ndi a a Muhiwa, osati anga. Lero akuwakana.)

"Mayi wanga ine," anatero Anaphiri, "alibe abale?"

"Abale ake ndife amene tafika lero," ndinayankha. Ndinavula jekete, n'kupinda manja a malaya.

Simunaone ntchito yoyenda ngati imeneyo. Ife ndi anthu ozolowera kuzula udzu mumpunga titawerama m'madzi tsiku lonse, ndiye kamtumbira kamodzi kangatitengere nthawi yanji? Tinazula ndi mizu yomwe. Ndinalangiza kuti aliyense akutumule dothi kumizu, udzuwo tiuyanike pakanjira pomwe panali dzuwa kuti usaphukenso. Amayi anathyola timitengo touma n'kusesa mozungulira. Anaphiri anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, ife n'kumavomera. Azungu awiri omwe ankadutsa anaima, mmodzi n'kutijambula, ndipo ndinamugwedezera mutu kumusonyeza kuti palibe chifukwa chothokozera.

Titamaliza, mtumbira unali mbee, wosalala ngati pansi pozira. Tinauzungulira, ine n'kuyamba pemphero. Ndinapempherera mzimu wa mayi Festuka, abale ake kulikonse komwe ali, ndi akuluakulu a mundawo kuti Mulungu awatsegule maso. Ndili pakati ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali a Kalinde. Munthu woleredwa bwino ameneyo: anaima, anavula kapusi yake, anadikira mpaka Ameni.

Atatsegula maso anayang'ana mtumbira. Anayang'ana mulu wa udzu pakanjira. Anayang'ananso mtumbira.

"Agogo," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "udzu unali apa uli kuti?"

"Tauchotsa, mwana wanga. Musavutike n'kuthokoza. Koma mukawauze akuluakulu anu kuti zimenezi n'zochititsa manyazi."

"Mwauchotsa."

"Ndi mizu yomwe. Mayi Festuka apume bwino tsopano."

A Kalinde anakhala pansi, pamwala wa laimu womwewo. Ndinafuna kuwadzudzula kuti pamanda sakhala chotero, koma nkhope yawo inandiletsa.

"Agogo, Festuka ndi udzuwo."

Ngakhale kamtsinje kaja ndikuganiza kuti kanaima.

"Dzina la udzu?" anafunsa Anaphiri. "Udzu uli ndi chiwongo?"

Anatifotokozera kuti chomera chilichonse m'mundamo chili ndi chikwangwani cha dzina lake la kusukulu. Udzu umenewo anachita kukautenga pamwamba pa phiri, unavuta zaka zambiri osagwira, ndipo unali utangoyamba kumene kuwirira. Ana a sukulu zaukachenjede amabwera kudzauona.

Ine ndinali ndisanagonje. "Nanga pansipa wagona ndani?"

"Manyowa, agogo."

Ndinatembenuka kuti a Muhiwa andithandize. Ndinawapeza ataima patali, chipewa chili kumutu, manja kumbuyo, akuwerenga chikwangwani cha mtengo wina ngati munthu wongodutsa. M'zikhadabo zawo munali dothi lofanana ndi la m'zikhadabo zanga.

Nthawi yomwe pulogalamu inati tikadye ndi kugula zinthu mumsika wa Zomba tinaithera titagwada, kubzalanso mayi Festuka phata limodzilimodzi. Madzi tinkatunga kukamtsinje ndi makontena a chakudya. Ine ndinatungira chipewa. A Kalinde sanatikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Ankangoti, "Motalikirana pang'ono, agogo, si mpunga umenewo." Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti pa ntchito yawo yonse anaonapo alendo akuba maluwa, ena akulemba maina awo pamitengo, koma oika maliro anali asanawaonepo.

M'minibasi munali chete mpaka fungo la nyanja litayamba kumveka. Kenako Anaphiri, omwe anayambitsa nyimbo aja, anandigwira paphewa kuchokera kumpando wakumbuyo.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Mulimbe mtima."

Galimoto yonse inaphulika. Dalaivala anachita kuimika pambali kuti apukute misozi.

Nkhani inafika kumudzi ife tisanatsike. Lero ndikadutsa padoko, asodzi amavula zipewa n'kumati, "Awo amuna a Festuka." Mayi a kunyumba, amene ndakhala nawo kuyambira ndili ndi tsitsi, akandiikira madzi osamba amafunsa ngati akazi anga a ku Zomba ankafunditsa bwino kuposa iwo. Zonsezi ndikanapirira. Koma komiti inakumana ine kulibe, n'kugamula kuti ulendo wa ku Mulanje ndisapite nawo, ati kumeneko kuli minda ya tiyi ndipo kalabu ilibe mphamvu yobzalanso phiri lonse. Anazula anthu onse, anaimba anthu onse, wofufutidwa ndine ndekha.

Tsono imvani chomwe chandipangitsa kulemba lero.

Patapita masiku, mayi a kunyumba akutsuka suti ija anapeza kaphata ka udzu m'thumba la jekete. Mmene kanaloweramo sindikudziwa. (Ndikudziwa pang'ono.) Kanali kasanaume kwenikweni, ndiye ndinakabzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kanjira kolowera kwathu. Nkhuku zinayamba kupalasa, choncho ndinakwezapo dothi. Mbuzi zinapondapo, ndinazunguliza miyala. Mayi a kunyumba anati tsiku lina adzakazula posesa osadziwa, ndiye miyalayo ndinaipaka laimu kuti izioneka, n'kudula chivindikiro cha chitini cha penti, kulembapo dzina, kukhomera pakamtengo kumutu kwake.

Loweruka lapitali a Muhiwa anabwera kudzabwereka mpope wopoperera. Ine ndinali pakhonde, mayi a kunyumba akupeta mpunga pabwalo. Tinawaona akulowa kanjira kaja akuimba mluzu. Atafika pamalo paja mluzu unaduka. Anaima. Anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa ndi manja awiri, n'kubwera pang'onopang'ono mpaka pakhonde, n'kunjuta.

"Pepani, achimwene," anatero. "Uthenga sunatipeze. Ndi mdzukulu?"

Mayi a kunyumba anagwetsa lichero.

Sindinaseke. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga cholembera, ndinalemba mawu awo monga anawanenera, tsiku ndi nthawi yake, mayi a Joyisi n'kusainira ngati mboni, ngakhale ankafa ndi phwete. A Muhiwa anapita osatenga mpope.

Akandifunsa kuti ndaphunzirapo chiyani, ndimati ndaphunzira kuti udzu wa mutauni uli ndi dzina ndi chiwongo, ndipo munthu azifunsa asanaugwire. Koma ndikadzapezanso mtumbira wa miyala ya laimu utamera tchire, kaya ndi ku Mulanje kaya n'kuti, chipewa ndidzavula ndithu.

Choncho, mwaulemu wonse, ndikupempha komiti ya kalabu yathu, kudzera mwa wapampando wake, kuti indiyankhe molemba minibasi ya ku Mulanje isanalipiridwe. Dzina langa libwezeretsedwe pakati pa opita. Ngati komiti ikuonabe kuti munthu wovulira udzu chipewa sayenera kuyenda ndi anzake, chigamulocho ndichilandira, pokhapokha chikhudze aliyense amene anatero. Zikatero, a Muhiwa adzandipeza pakhonde m'mawa wa tsiku la ulendolo, ndipo mpando wawo ndawasungira kale.